Chule wa Asisitere Panjira ya ku Kasakula

Kalata inandipeza Lachiwiri m'mawa ndili m'kalasi, choko chili m'manja. Anabwera nayo munthu wogula mtedza, amene sanadikire n'komwe kuti ndimufunse kanthu. Zolemba zinali za mlongo wanga Matiyasi, mizere itatu yokha: "Bambo akudwala kwambiri. Akuti ubwere. Usachedwe." Sanalembe tsiku pamwamba pake, ndipo pepalalo linali litafewa ngati lagona m'thumba la munthu sabata yathunthu.

Dzina langa ndine Lusiya. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ya mishoni kufupi ndi Dzoole, ku Dowa, koma kwathu ndi kuseri kwa Kasakula, ku Ntchisi. Ndinali nditatha pafupifupi zaka ziwiri osapondako. Nkhani yake inali ya mavoti. Pa riferendamu ija ine ndinavotera nyali, chizindikiro cha matipate, ndipo m'malo mongosunga mumtima ndinakanena pakhonde pa bambo anga, anthu akumva. Iwo anali atagulitsa makadi a chipani cholamula m'mudzi mwathu kwa zaka zambiri. Sanandimenye, sananditukwane. Anangonyamula mpando wawo n'kulowa nawo m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanandilankhulenso. Ndiye mawu oti "akuti ubwere" ndinawawerenga kanayi, osamvetsa ngati ndi mawu awo kapena a Matiyasi.

Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa tsiku lililonse. Matola imodzi yokha imene inkapita ku Mponela inali itatitimira m'matope kuyambira Lamlungu. Ndinathamangira kuchipatala cha mishoni kwa Sisitere Anastazia, namwino wathu, mayi wamfupi wonenepa wa zaka zopitirira makumi asanu, wolankhula mofulumira. Anawerenga kalatayo, n'kundifunsa ngati bambo anali ndi chifuwa kale. Ndinati inde, chaka chilichonse nthawi ya mvula.

"Katenge chitenje ndi juzi," anatero. "Tikwera Chule. Ine nditenga chikwama cha mankhwala."

Chule inali njinga yamoto ya matayala anayi, yaifupi, yotambalala, ya nyali ziwiri zotuzuka kutsogolo. Ana ndiwo anaipatsa dzinalo. Anaisiya Bulaza wina wa ku Canada pobwerera kwawo, pamodzi ndi buku lake lofotokoza kakonzedwe. Vuto linali lakuti bukulo linali m'Chifalansa. Asisitere ankangoyendera Chule kupita m'midzi yapafupi kukabaya ana katemera, ndipo zimene ankadziwa zinali ziwiri: kuthira petulo ndi kukoka chingwe choliza injini. Bukulo analiika m'pepala la pulasitiki n'kulimangirira kutsogolo pamodzi ndi chikwama chawo.

Tinanyamuka dzuwa lisanafike pamutu, ine kumbuyo nditawagwira m'chiuno mwamantha. Makilomita oyamba Chule anayenda bwino moti ndinayamba kuwerengera kuti tikafika kwathu kusanade. Tinadutsa minda ya fodya, anthu akusiya makasu kutiyang'ana. Kenako tinafika pakamtsinje kamene nthawi ya chilimwe munthu amangodumpha. Tsiku limenelo madzi anali ofiira, othamanga, ndipo mitengo ya kamlatho inali itakokoloka.

"Bulaza ankawoloka pomwepa," Asisitere anatero. "Kweza miyendo."

Madzi anafika mpaka popondera. Chule anagwedezeka, anafwenthera, koma anatulukira tsidya lina. Ndinayamba kuseka chifukwa cha mpumulo. Sitinapite patali, pansi pa mwendo wanga wamanzere panayamba phokoso, kwiii, ngati nkhumba imene aimanga pa njinga kupita nayo kumsika. Asisitere akapanikiza mafuta injini inkalira mwamphamvu, koma liwiro lake linali la munthu wothamanga pang'ono.

Tinaima. Anamasula buku lija, tinagwada m'mbali mwa msewu n'kumatsegula masamba. Panali chithunzi cha chinthu chozungulira mawilo awiri, ndi muvi woloza, ndi mawu ambiri amene palibe wa ife anawamva.

"Uyu ndi lamba," Asisitere anatero. "Koma ali pati?"

Tinazungulira Chule kawiri. Tinasuzumira pansi. Lamba sitinamuone. Ine ndinati mwina wagwera mumtsinje. Iwo anati akanagwa sitikanayenda n'komwe, kenako anayang'ananso chithunzicho n'kunena kuti mwina bukulo ndi la makina ena. Tinakwera n'kupitiriza, nkhumba yathu ikulira njira yonse. Ulendo wa ola limodzi unatitengera maola atatu.

Pa Mponela, tisanadutse msewu wa tala, wapolisi anatiimitsa. Anali bambo waulemu, ndipo anavula chipewa atawona mkanjo wa Asisitere. Anayenda mozungulira Chule atagwira manja kumbuyo.

"Pepani amayi, ichi ndi njinga kapena galimoto?"

"Njinga," anatero Asisitere.

"Nanga matayala anayi?"

"Ndiye galimoto."

"Nanga chiwongolero chake bwanji chili cha njinga?"

Anaitana mnzake, awiriwo anakambirana kwa kanthawi, wina akuti pafunika zisoti, wina akuti pafunika nambala kutsogolo. Pamapeto pake anati sakudziwa kuti alembe mlandu wa chiyani, choncho tizipita, koma tikonzetse phokosolo chifukwa likuopsa ng'ombe. Anatilozera makaniko wina pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika.

Makanikoyo anali bambo wamtali wovala ovolosi yong'ambika m'mawondo, dzina lake a Kamwendo. Ananena poyera kuti makina otere anali asanawagwirepo, koma injini ndi injini. Anafunafuna lamba kutsogolo, kumene amakhala pagalimoto, ndipo atamusowa anatiuza motsimikiza kuti Chule alibe lamba. Tinamuonetsa chithunzi. Anachiyang'ana, anachitembenuza chadodolido, n'kunena kuti azungu amajambula zinthu zambiri zongokongoletsa buku. Phokosolo anati ndi mabuleki onyowa, auma okha. Anamasula pulagi, anaipala ndi kampeni, n'kuibwezera. Kenako anaona kapaipi kakang'ono kotuluka pachivindikiro cha thanki, kamene kankadontha petulo pang'ono tikagunda mabampu.

"Apa mukutaya mafuta, Asisitere," anatero. Anakapinda kapaipiko n'kukamanga zolimba ndi kamphira ka tchubu.

Pomwetsera mafuta panalibe petulo tsiku limenelo. Tinagula wa m'chigubu kwa munthu wina amene a Kamwendo anatiitanira. Anali wotuwa pang'ono, ndipo Asisitere atamununkhiza anakwinya nkhope, koma wogulitsayo analumbira kuti ndi weniweni. Ine mtima unali pa dzuwa, limene linali litayamba kupendekeka. Ndinafunsa za basi ya ku Ntchisi, anthu anati inadutsa m'mawa, ina ndi mawa ngati mvula siigwa.

Tinalowa msewu wafumbi wa ku Ntchisi, umene tsiku limenelo unali matope okhaokha. Phokoso lija linali lidakalipo koma tinali titalizolowera. Pamtunda woyamba waukulu injini inakhosomola kawiri n'kuzima. Asisitere anakoka chingwe kasanu, kakhumi, thukuta lili kamukamu. Palibe chinachitika.

"Ndi petulo uja," ndinatero.

"Kapena pulagi imene anapala ija."

"Kapena lamba."

"Lamba amene palibeyo?"

Anatsegula chivindikiro cha thanki kuti aone ngati petulo alimo. Chinalira psii potseguka. Petulo anali wodzaza. Anatseka, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kunena kuti tipemphere Tikuoneni Maria katatu. Titatha anakoka chingwe kamodzi kokha, injini inalira. Tinayang'anana.

"Waona?" anatero. Koma nkhope yawo inaonetsa kuti nawonso sanamvetse chimene ndinayenera kuona.

Zimenezi zinachitikanso patatha makilomita ngati anayi, kenako zinachitikanso. Nthawi iliyonse tinkachita zomwezo mwa ndondomeko yomweyo: kukoka chingwe pachabe, kusuzumira m'thanki, kupemphera, kukoka kamodzi, injini n'kulira. Kachinayi Asisitere anati tiyese kupemphera kokha osataya nthawi ndi thanki. Tinapemphera katatu, kenako kasanu ndi kamodzi, Chule ali duu. Anakwiya, anatsegula thanki n'kuyang'anamo ngati akufuna kukalipira petuloyo, anatseka, anakoka, injini inalira. Ine ndinati mwina imafuna kupuma nthawi yokwanira basi. Iwo anati mwina.

Pamalo ena ogulitsira tomato ndi nzimbe Chule anatizimira pakati pa anthu. Nthawi yomweyo tinazingidwa. Masiku amenewo galimoto yachilendo ikaima pamudzi anthu ankaganiza za msonkhano wa chipani, ndipo mayi wina anandikoka mkono n'kufunsa ngati tabweretsa nsalu. Nditamuuza kuti tikupita kukaona wodwala anati, "Aa, ndiye mwaimiranji?" Amuna anayamba kutsutsana za vuto lathu. Wina anati injini yatentha, tithire madzi. Wina anati tikathira madzi iphulika. Mkulu wina wa njinga yakapalasa, atamangirira mbuzi kumbuyo, anati vuto si makina koma msewu, ndipo kale misewu sinkafika potere. Mnzake anamuyankha kuti kale akanalankhula choncho za boma akanagona kuti. Mkangano unachoka pa Chule n'kupita ku matipate, aliyense akukweza mawu, ndipo palibe anaona pamene tinaliza injini n'kuchoka.

Mawu a mkulu wa mbuzi uja anali ngati a bambo anga, ndipo ndinayamba kulira chamumtima, nkhope nditaibisa pamsana pa Asisitere. Anamva kuti mkanjo wawo ukunyowa. Poima potsatira sanakoke chingwe. Anakhala pamwala n'kundiuza kuti ndinene zonse. Ndinawauza za khonde lija ndi mpando uja.

"Ndiye ukakafika ukanena chiyani?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Ndikapepesa, ndiye kuti ndikunama, chifukwa voti yanga sindikuidandaula. Ndikapanda kupepesa, ndapitiranji?"

"Inenso sindikudziwa," anatero. "Ndimayesa ndikupatsa nzeru, koma ndilibe. Tiye tikoke chingwe."

Tinafika pa boma la Ntchisi dzuwa litatsala pang'ono kulowa, mvula yowaza ikuyamba. Chule anazimira kutsogolo kwa sitolo ina ya nsalu ndi sopo, ndipo ulendo uno anakaniratu ngakhale titatsegula thanki. Mwini sitoloyo, a Jafali, bambo wachisilamu wa ndevu zoyamba imvi, anatuluka ndi ambulera n'kutithandiza kukankhira Chule pakhonde. Ankakonzanso makina osokera ndi majenereta, ndipo kuseri kwa kauntala anali ndi bokosi la masipanala. Anatifunsa kuti phokoso linayamba liti, kuzima kunayamba liti, ndiponso kuti pakati pa ziwirizo panachitika chiyani. Tinkayankha tonse nthawi imodzi, ine ndikunena za petulo, Asisitere za pulagi.

"M'modzim'modzi, amayi," anatero.

Anatenga buku lija, ndipo ngakhale Chifalansa sankachidziwa, anayerekeza chithunzi ndi makinawo mpaka chala chake chinaima pa chivindikiro chachikulu chakuda chimene ndinali nditapondapo tsiku lonse. Pansi pake panali kabawuti. Atakamasula, madzi a mtsinje uja anatuluka, ofiira, okwana kudzaza kapu ziwiri. Anachotsa chivindikiro chonse, ndipo lamba anali momwemo, wakuda, wonyowa, m'mbali mwake mutasalala chifukwa choterereka.

"Ndiye alipo!" Asisitere anafuula, ngati apeza mwana wotayika.

A Jafali anamupukuta ndi nsanza n'kumusiya kuti aume. Anati lambayo wapsa mbali imodzi, atifikitsa koma asatidabwitse akayamba phokoso lina. Za kuzima kwa injini anati sakutsimikiza. Anamasula kamphira ka a Kamwendo n'kutifotokozera kuti kapaipi kaja ndi kopumira thanki, kakatsekeka petulo satsika, n'chifukwa chake tikatsegula chivindikiro injini inkadzuka. Ndinayang'ana Asisitere, iwo anayang'ana kudenga. Koma a Jafali anapitiriza. Anatsitsa petulo pang'ono m'botolo, pansi pake panakhazikika madontho a madzi. Pulagi nayo anati kampata kake kakula kwambiri chifukwa chopalidwa.

"Ndiye chimene chimazimitsa ndi chiti?" ndinafunsa.

"Mwina chimodzi, mwina zonse zitatu. Ndikonza zonse, koma mukandifunsa kuti wolakwa ndani, sindingalumbire." Anayang'ana kunja. "Nthawi ya swala yakwana, ndipite ku mzikiti. Ndikabwerako kukhala kutada, ndipo njira ya ku Kasakula simungaiyende ndi nyali izi. Mugona kuno."

Ndinakana. Ndinathamangira pamene pamaima matola, koma yomaliza inali itapita masana. Pobwerera ndinakumana ndi bambo wina wogulitsa nyemba amene anali atangofika kuchokera ku Kasakula wapansi. Ndinamutchulira dzina la mudzi wathu. Anaganiza pang'ono.

"Kumeneko kuli maliro," anatero. "Ndinaona masamba pamsewu podutsa."

"Maliro a ndani?"

"Sindinafunse, mayi. Ndinangotsitsa katundu pamutu n'kudutsa."

"Wamwamuna kapena wamkazi?"

"Ndamva kuti ndi munthu wachikulire."

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo mpaka akazi a a Jafali, mayi Asiyatu, anabwera kudzandidzutsa. Anandilowetsa m'nyumba kuseri kwa sitolo, anandipatsa madzi otentha osamba ndi chitenje chouma, n'kundikakamiza kumwa tiyi. Anati mudzi uliwonse uli ndi achikulire ambiri. Ndinkawerenga m'mutu mwanga achikulire a kwathu, ndipo nthawi iliyonse ndinkathera pa bambo anga. Asisitere sananene zoti ndilimbe mtima, ndipo ndinawathokoza chifukwa cha zimenezo.

Kutangocha tinapeza a Jafali atabwezera kale zonse. Anatisefera petulo pansalu, anatipatsa sipanala yaing'ono kuti tikawoloka madzi tizimasula kabawuti kaja, ndipo Asisitere atatulutsa kachikwama ka ndalama anangogwedeza mutu n'kunena kuti tikapereke moni kwa wodwalayo. Mawu oti wodwalayo anawatchula mwamphamvu, akundiyang'ana.

Nkhumba ija inali itasiya kulira. M'malo mwake munabwera phokoso lina, gudu gudu gudu, limene linkamveka tikamanyamuka ndi pokwera. Msewu wa ku Kasakula unkakwera ndi kutsika m'mapiri, nkhungu ili m'zigwa, koma ine sindinaone zambiri. Tinawoloka timitsinje tiwiri, ndipo paliponse Asisitere ankatsika, kugwada, kumasula kabawuti monyadira ngati anabadwa akuchita zimenezo. Ndinayamba kukhulupirira kuti mavuto atha.

Titadutsa msika wa Kasakula, pamalo osalala opanda mtunda uliwonse, injini inazima.

Tinayang'ana kapaipi, kanali kotseguka. Tinatsegula thanki, sinalire psii. Tinamasula kabawuti, simunatuluke dontho. Asisitere anakoka chingwe mpaka dzanja linatupa, kenako ndinakoka ine. Anatsegula buku n'kulitseka. Anakhala pachishalo atagwira tsaya.

"Lusiya, ine zandithera. Kwatsala mtunda wotani?"

"Kuseri kwa phiri ilo."

"Pita wapansi. Ndikupeza."

Ndinavula nsapato n'kuyamba kuthamanga. Ndisanafike pokhota ndinamva injini kumbuyo, ndipo Asisitere anandipeza akugwedeza mutu. Anati sanachite chilichonse, anangokoka kamodzi mokwiya. Mpaka lero sindidziwa chimene chinazimitsa injini pamenepo.

Masamba anali pamsewu monga ananenera bambo wa nyemba uja. Nyimbo za maliro zinkamveka. Asisitere anazimitsa injini okha mwaulemu, tinayamba kukankha Chule. Ndinkayesa kumva kumene nyimbozo zikuchokera, koma phiri linkabweza mawu, nthawi ina kumanja, nthawi ina kumanzere kumene kuli nyumba yathu. Amayi awiri anatidutsa atasenza nkhuni, anandizindikira, n'kunena kuti, "Mwafika, a Lusiya? Pepani." Sindinathe kuwafunsa kuti akundipepesa chiyani.

Matiyasi ndiye anandiona poyamba. Anali ndi khasu paphewa, akuchokera kumanda. Ndinamugwira malaya, ndipo iye anamva ndisanafunse.

"Ayi, ayi, mlongo. Ndi agogo a Nasimelo, a kutsidya aja. Bambo ali m'nyumba."

Bambo anali atagona pamphasa pafupi ndi khomo, ataonda moti ndinawazindikira ndi mapazi. Ankapuma mofulumira, chifuwa chikulira. Amayi anali pambali akuwakupiza ndi mbale. Ndinagwada pakhomo n'kuwomba m'manja. Anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wakuitana ndani?" anafunsa.

"Kalata yanu, bambo."

"Ine sindinalembe kalata."

Anatembenukira kukhoma. Amayi anandikodola kuti tituluke, ndipo kunja anandinong'oneza kuti mawu a m'kalatamo bambo anawanena okha, Matiyasi akulemba. Matiyasi nditamufunsa anati bambo anangotchula dzina langa ali m'malungo, zinazo anawonjezera iye. Sindinadziwe woti ndimukhulupirire.

Asisitere analibe nthawi ya zimenezo. Anamvetsera chifuwa cha bambo, anawabaya jakisoni, n'kunena kuti ndi chibayo ndipo ayenera kukagonekedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Anati bambo akhale pakati pa iwo ndi Matiyasi pa Chule. Bambo anadzutsa mutu, anasuzumira panja pamene ana a m'mudzi anali atazungulira makinawo, n'kunena kuti ngati ndi kufa afera pamphasa yawo, osati pachinthu chosadziwika mtundu. Asisitere anatsegula pakamwa kuti atsutse, kenako anakumbukira za pamalo osalala paja, n'kufunsa ngati m'mudzimo muli ngolo.

Tinayala matiresi m'ngolo ya amalume. Matiyasi ankayendetsa ng'ombe, amayi anatsala kuti akaonekere kumaliro kenako atitsatire, Asisitere ankabwera pambuyo ndi Chule, gudu gudu gudu, pa liwiro la ng'ombe. Ine ndinkayenda wapansi m'mbali mwa ngolo, dzanja lili pathabwa. Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira yonse ija, koma aliwonse ndikawayesa mumtima ankamveka ngati bodza kapena mwano. Ndinangoyenda.

Potsika kukamtsinje msewu unali utakumbika ndi madzi. Ngolo inagwera m'dzenje, mutu wa bambo unagunda thabwa. Inatuluka n'kugweranso m'lina. Anabuula, anatsegula diso limodzi n'kundipeza.

"Iwe Lusiya."

"Wawa, bambo."

"Ukungoyenda ngati mlendo bwanji? Kwera kuno undigwire mutu. Msewu wa boma lakoli undimaliza chibayo chisanandimalize."

Ndinakwera ngolo ikuyenda. Ndinaika mutu wawo pamiyendo panga, unali wotentha ndi wopepuka. Anatseka maso, koma dzanja lawo linafufuza mpaka linapeza mkono wanga n'kuugwira. Kumbuyo kwathu Chule anakhosomola kawiri n'kuzima, ndipo tinamva Asisitere akumukalipira m'Chichewa chosayenera munthu wa mkanjo. Matiyasi anafunsa ngati aimitse ng'ombe.

"Yendetsa," bambo anatero, osatsegula maso. "Atipeza."